Dzanja Limene Sindinaligwire

Alongo anga anali ndi dzanja lokhakhala, dzanja la khasu ndi munsi. Akakupatsa moni sankafulumira kukutaya. Ankagwira dzanja lako ndi lamanja, lamanzere atagwirizira pachigongono, n'kuyamba kufunsa za kunyumba mmodzimmodzi: mayi, ana, zidzukulu, mpaka mbuzi imene inathyoka mwendo mwezi watha. Iwe uzingoyankha, dzanja lili m'manja mwawo. Ine ndinakulira m'dzanja limenelo. Tinasiyana zaka 6, ndipo amayi athu akalawirira kumunda, wondibereka kumbuyo anali iwowo. Ngakhale nditamera imvi, nditapuma ntchito ya uphunzitsi, m'maso mwawo ndinali kamwana komwe kaja ankakapukuta mamina. Pakamwa pokha ndi pamene ankandikweza, kunditchula kuti atsibweni motsatira ana awo.

Pa 1 Januwale 2021 ndinapalasa njinga kuchoka kuno kufupi ndi Nsaru, kumene ndinakwatira, kupita kumudzi kwathu njira ya ku Nambuma kukawaona. Ndinawapeza pakhonde akukonza nkhwani. Atandiona anadzuka, napukuta manja pachitenje, natambasula dzanja lija. Ine ndinali nditavala masiki yansalu imene anandisokera telala wa pamsika. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuomba m'manja.

"Pepani alongo, pa wailesi akuti tisamagwirane chanza."

Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi, kenaka linatsika pang'onopang'ono. "Atsibweni," anatero, "ndiye ine ndasanduka wakhate?" Anaseka, inenso ndinaseka, koma kuseka kwawo kunali kwa pamano pokha. Anandiikira mpando, iwo nakhala pamphasa chapatali, tinacheza za mvula ndi za chimanga, anandipatsa thobwa, ndipo dzuwa litapendeka ndinatsazika. Patatha masabata atatu tinawaika m'manda.

Kale limene ndikulira ine si la nthawi ya atsamunda, ndi la dzana lomweli. Kuno kwathu munthu akatsirizika, palibe ankabuma mfumu isanauzidwe. Mwinimbumba ankayamba wapita kwa anyakwawa, kenaka anyamata n'kumwazikana pa njinga kukanena zovuta m'midzi yoyandikana. Kulira kukangomveka, makasu ankagona. Pamsewu tinkaika masamba, wanjinga ankatsika, wachipewa ankavula, ngakhale lole yonyamula mabelo a fodya inkachepetsa liwiro. Chakumadzulo amayi ankafika ndi timbale ta ufa ndi mitolo ya nkhuni, n'kulowa m'nyumba ya siwa kukakhala mothithikana, miyendo atatambasula, namfedwa ali pakati, wina atamugwira phewa, wina akumukonza duku. Ife amuna tinkazungulira moto panja mpaka tambala woyamba. Pamoto umenewo ndaonapo anthu amene anali pa mlandu wa malire a munda chaka chathunthu akuyatsirana fodya, ndipo kutacha mlandu uja unali utazizira wokha. Akakhala wa mpingo, makwaya ankalandizana usiku wonse. Akakhala wa kudambwe, ng'oma zinkalira ndipo gule ankatuluka kudzamuperekeza. M'bandakucha adzukulu ankapita kumanda ndi makasu ndi nthabwala zawo zija zimene zimaseketsa ndi wamasiye yemwe.

Ndipo bokosi lisananyamuke, tinkaona nkhope. Mzera unkayamba ndi abale, kenaka mafumu, kenaka aliyense. Ndili mnyamata ndinkaganiza kuti mwambo umenewu ndi wongowonjezera misozi. Ndinadzamvetsa mochedwa kuti khutu limamva uthenga wa imfa koma mtima suvomera mpaka maso ataona. Ukaona nkhope ya mbale wako itazizira, pakamwa patatsekedwa bwino ndi manja a anthu omukonda, mtima umagonja, kulira kwenikweni n'kuyamba, ndipo kulira kumene kwayamba kumadzatha.

Musaganize kuti kale lija kunalibe imfa. Imfa inalipo yoposa ya kolona kutalitali. Mwana wanga wachisamba anabwera kuchokera m'tauni mu 1998 ali mafupa okhaokha. Nthawi imeneyo dzina la matendawo sitinkalitchula, tinkangoti kaliwondewonde, ndipo ma ARV aulere anali asanabwere, anadzayamba mu 2004. Tinamutengera ku St Gabriel's ku Namitete, anamuthandiza mmene akanathera, kenaka tinabwerera naye kunyumba kudzadikira. Pa mwambo wathu mwana ameneyo anali wa mbumba ya kwa mayi ake, alongo anga anali azakhali chabe. Koma anafika ndi kamtolo ka zovala, nakhala miyezi iwiri. Ankamusambitsa, kumuchapira zoipitsidwa, kumumwetsa phala ndi supuni atamutsamiritsa pachifuwa pawo. Anthu ena ankaopa ndi kapu yomwe imene wamwera. Iwo ankangoti, "Ndi mwana wa mlongo wanga uyu, ndimusiyire ndani?" Maso ake anatseka ndi iwo. Pa njala ya 2002, m'mwezi wa Febuluwale, tinkaika maliro pafupifupi tsiku ndi tsiku, ena m'mphasa poti bokosi panalibe, adzukulu akukumba manda opanda ndi phala lomwe m'mimba. Tinkayenda mozandima, koma tinkapita. Maliro n'kulirana, ndipo mwambi umenewu sitinkauphunzira m'kalasi, tinkauyenda ndi mapazi.

Za kolona tinayamba kuzimva pa wailesi kumayambiriro kwa 2020, ngati nkhani ya ku China ndi ku Italy. Pa 20 Malichi a Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, pa 23 sukulu zinatsekedwa, ndipo pa 2 Epulo tinamva kuti anthu atatu apezeka nawo matendawa mu Lilongwe momwe muno. Pamsika wa Nsaru anthu ankati ndi matenda a okwera ndege, ife okwera ngolo atipeza bwanji. Boma litalamula m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, amalonda anachita zionetsero m'matauni ndipo khoti linauletsa usanayambe. Kunoko ambiri anavomereza khotilo, poti munthu wodya za ganyu ukamutsekera m'nyumba masabata atatu wamupha kale. Alimi a fodya anauzidwa kuti asapite ku Kanengo kukaonerera malonda, mabelo anapita okha, eni ake n'kumadikira pepala. Pakhomo la tchalitchi tinaika mpondagiya ndi kasopo komangirira pachingwe.

Kenaka inadza kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni. Atsogoleri a mbali zonse, omwewo ankatiuza kuti titalikirane, ankasonkhanitsa anthu miyandamiyanda pamabwalo a sukulu, malole atadzaza mpaka pamwamba. Kuno kunali kotentha kwambiri poti a Lazarus Chakwera kwawo ndi ku Malembo, mbali yathu yomwe ino. Anthu anavina, anakumbatirana, anabwerera kunyumba, naona kuti palibe wagwa. Chikhulupiriro cha kolona chinafera pamenepo. Mu Ogasiti kunabwera lamulo la masiki ndi lakuti pamaliro pasapitirire anthu 50, koma ndani akanaima pamasamba paja n'kumawerenga anthu? Pofika Okutobala chigubu cha pa mpondagiya chinali chitauma, ana akuchiseweretsa. Chimene chinkandidya ine nthawi imeneyo chinali sukulu. Zinakhala zotseka miyezi yoposa isanu, ndipo zitatsegulidwa, mabenchi ambiri a atsikana a Sitandade 7 ndi 8 anali opanda eni, ena ali ndi pakati, ena ali pabanja. Awo sanawerengedwe pa wailesi madzulo aliwonse monga ankawerengera odwala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumapeto kwa chaka anthu anapanikizana pamizere ya feteleza wotsika mtengo uja wa K4,495 pa thumba, ena kugona komweko, ndipo alongo anga anaima nawo masiku awiri mpaka anapeza matumba awo. Pa Khrisimasi ana a ku Joni anabwera ndi mabasi, mmodzi wa iwo chitsiriza cha alongo anga, amene anali atatha zaka zinayi ku Johannesburg. Anawabweretsera bulangete ndi foni. Ku South Africa n'kuti kutabuka mtundu watsopano wa kachilomboka, wofala msanga. Kunali maukwati, kunali mapemphero a usiku wolowera chaka. Matendawo anawapeza pati alongo anga, pamzere wa feteleza, kutchalitchi, kapena pakhonde pawo pomwe, palibe munthu angaloze.

Pa 12 Januwale wailesi inalengeza kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi. Pamsika panati zii. Ngati matenda akugwetsa nduna zokhala ndi madokotala, ife ndife yani? Masiku omwewo n'kuti alongo anga atayamba kudandaula mutu ndi kuphwanya m'thupi. M'Januwale aliyense amati ndi malungo. Anamwa mapiritsi a pagolosale, anawafukiza masamba a bulugama atawafunditsa bulangete latsopano lija, anawamwetsa mandimu ndi jinja, zimene mitengo yake inali itakwera ngati nyama. Ine sanandiuze msanga. Ankadziwa kuti ndikamva ndinena za chipatala, ndipo mphekesera inali ponseponse yakuti wolowa m'matenti a kolona satulukamo wamoyo. Uthenga unandipeza atayamba kubanika, akulephera kumaliza mawu.

Tinawanyamula pa ngolo m'matope mpaka kuchipatala chaching'ono, ndipo kumeneko ambulansi inawatengera m'tauni. Pachipata anatibweza. Ife tinazolowera kuti wodwala amagonekedwa ndi womudikirira, wogona pansi pa bedi, womutembenuza usiku, womuphikira kaphala kumakhitchini a kuseri. Kuchipinda cha kolona zimenezo kunalibe. Mwana wawo wamkazi anakhala kunja kwa mpanda pansi pa mtengo masiku asanu, ndi beseni ndi fulasiki, kumangoyang'ana anamwino akulowa ndi kutuluka. Dziko lonse mpweya wa okosijeni unali wosakwana, anthu wamba anayamba kusonkherana ndalama pa mafoni kuti agule masilinda, ndipo bwalo la mpira la Bingu linasandutsidwa chipatala.

Namwino wina wachifundo anawabwereka foni yake tsiku lachinayi. Ndinali kumunda pamene inalira. Mawu awo ankabwera moduladula, pakati pake kupuma kolira ngati mvukuto.

"Atsibweni. Chimanga chija. Cha kuseri kwa chulu. Sichinabandiridwe."

"Alongo, zisiyeni zimenezo, limbani mtima."

"Thumba lina la feteleza. Lili kuchipinda. Anyamata asagulitse."

"Mubwera mudzathire nokha," ndinatero ine. Ndinali ndi mpata wonena kuti pepani za tsiku lija, koma ndinaopa kuti ndikatero zikhala ngati ndikutsazika. Namwino anatenga foni yake. Anamwalira usiku wa pa 22 Januwale, ndipo amene anawatseka maso sindimudziwa.

Ambulansi inafika kumudzi masana, koma sinakhotere kunyumba. Inalunjika kumanda. Munatsika anthu anayi ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndi majombo, mmodzi atabereka sipuleya yonga imene timapopera fodya. Bokosi linali lokhomerera kale, ndipo anatiuza kuti m'kati thupi lili m'thumba la pulasitiki. Adzukulu amene anakumba manda m'mawa anaima patali pansi pa mitengo, makasu ali m'manja, nthabwala zonse zitawathera. Mwana wamkazi uja anathamangira bokosi, anthu n'kumugwira. Anyamata ena anayamba kutola miyala. Ankakuwa kuti tsegulani tione, mwina mulibe munthu, mwina mwawachotsa ziwalo. Amfumu ndi ine tinaima pakati. Ine amene mtima wanga unkakuwa limodzi ndi anyamatawo, pakamwa panga panatuluka mawu owaletsa. Mmodzi mwa ovala zoyera aja anandiyandikira pang'ono, ndipo mawu ake anali a mtsikana wamng'ono, msinkhu wa mdzukulu wanga. "Agogo, mutikhululukire, ifenso sitikondwa nazo." Kuseri kwa galasi lake thukuta linali kuyenderera, maso ali psuu. Sindinamusungire chakukhosi mwana ameneyo, ndipo mpaka lero ndimamupempherera.

Amayi a Chigwirizano, gulu limene alongo anga anatumikiramo zaka zoposa 40, anaima m'mphepete mwa munda wa chimanga atavala zoyera zawo, motalikirana, akuimba mawu akutsekeka m'masiki. Mkulu wa mpingo anawerenga mwachidule. Zonse sizinathe ola limodzi. Pa maliro a mayi wa mbumba, mwinimbumba amaimirira n'kufotokoza mmene matenda anayendera, kuthokoza mafumu ndi midzi imene yabwera. Mawu amenewo ndinali nditawakonza usiku, koma panalibe powanenera. Madzulo kunagwa mvula. Panalibe moto, panalibe kwaya, m'nyumba ya siwa munali mwana wawo wamkazi ndi amayi awiri okha amene analimba mtima. Ine ndinachezera pakhonde pomwe paja anakhala akukonza nkhwani, ndekha, mpaka kunacha.

Usiku umenewo ndinakumbuka zimene agogo athu aakazi ankatisimbira za nthomba. Iwo anali ndi zipsera kumaso. Ankati nthomba ikalowa m'mudzi, wodwala ankamumangira msasa kunja kwa mudzi, ndipo anthu sankaloledwa kuyandikira. Kupatula wodwala sikunabwere ndi wailesi, makolo athu ankakudziwa. Koma ankati kumsasako ankatumako munthu mmodzi amene anadwalapo kale nthomba n'kuchira, kuti akakhale naye, azimupatsa madzi, azimuuza za kumudzi. Ankamupatula kwa anthu onse koma ankamusiyira mmodzi. Ife a m'nthawi ya ndege ndi mafoni, mmodzi ameneyo tinalephera kumupeza.

Sindikunena kuti azaumoyo analakwa potiletsa kuthithikana m'nyumba ya siwa. Matenda oyenda ndi mpweya, m'kanyumba kotseka mawindo, anthu 30 akulira ndi kuimba usiku wonse, akanatenga nkhalamba zina zitatu. Zimenezo ndimazimvetsa. Chimene chinandilasa n'chakuti pambuyo pake ndinadzamva kuti ngakhale malangizo a bungwe la WHO ankalola abale kuona nkhope ataima chapatali, osakhudza. Mantha anathamanga kuposa malangizo. Kukanakhala kuti anatsegula kachibowo kakumutu kwa mphindi imodzi, anyamata aja sakanatola miyala, ndipo ine sindikanakhala ndikuwalota alongo anga akubwera m'njira ya kudimba, khasu lili paphewa, ngati munthu amene sanauzidwe kuti anamwalira.

Maliro opanda moto amasiya mkwiyo wopanda pozizirira. Sabata isanathe, mawu anayamba kuyenda m'mbumba akuti matenda anabwera ndi mnyamata wa ku Joni, mwinanso m'bulangete lija. Mchemwali wake weniweni anamuuza pamaso kuti wapha amayi. Kale mawu otero ankatuluka pamoto wa maliro, akuluakulu n'kuwapondereza pomwepo, kutacha pa kusesa n'kukhazika ana pansi kuti agwirane chanza. Ulendo uno kusesa kunachitika mwachangu, anthu ochepa, aliyense akuopa mnzake. Ine mwinimbumba ndinali wofooka ndi chisoni changa, ndinati ndidzawakhazika mtima ukatsika. Mnyamatayo ananyamuka m'bandakucha wina osatsazika. Mpaka lero sanapondenso kumudzi. Ndikamuimbira amayankha mwaulemu, ndalama za simenti ya chiliza anatumiza, koma nditamuuza kuti abwere adzaone pamene agona mayi ake anati, "Atsibweni, ndikafika anthu akandiyang'ana bwanji?" Ndinataya mlongo m'Januwale, mphwanga ndinamutaya mu Febuluwale, ndipo kutaya kwachiwiriko ndi mlandu wanga.

Tili m'kati molira tinamva za K6.2 biliyoni za kolona, kuti zina mwa izo zinathera m'ma alawansi ndi m'kugula katundu mosatsata ndondomeko, mpaka nduna ina inachotsedwa mu Epulo. Ndinazimitsa wailesi. Ndinkaona mwana uja pansi pa mtengo ndi fulasiki yake, ndinkamva kupuma kuja kwa pa foni, n'kumadzifunsa kuti munthu wosayinira alawansi ya msonkhano umene sunachitike amagona bwanji. Katemera woyamba, wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021, masabata asanu ndi limodzi enieni chimwalirireni alongo anga. A Chakwera anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi kuti anthu aone. Ine ndinapita kukabayitsa sabata zoyambirira zomwezo, ndipo pabenchi tinalipo nkhalamba zochepa. Ena ankati ndi chizindikiro cha 666, ena ankati obayitsa adzafa pakatha zaka ziwiri. Mu Meyi boma linatentha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Chinthu chimene chinachedwa kwa alongo anga ndi masiku 42 chinathera pamoto.

Akuti m'dziko muno kolona anapha anthu osakwana 3,000 mwa amene anawerengedwa. Poyerekeza ndi Edzi n'zochepa, ndipo m'midzi yambiri kuno anangotola mmodzi kapena awiri. N'chifukwa chake ena lero amati kunalibe kanthu, zinali za ndale ndi ndalama. Ndikamva zimenezo sinditsutsana nawo, ndimangodzuka n'kuchokapo.

Masiki anatha, masamba abwerera pamsewu, nkhope tikuonanso. Koma maliro anabwerera ataonda. Mwezi watha kunali zovuta m'mudzi woyandikana nafe, bambo wodziwika bwino, ndipo pamoto pofika pakati pa usiku tinatsala amuna asanu, tonse a imvi. Ana ake a m'tauni anafika m'mawa pa galimoto, anaika nkhata, nabwerera dzuwa lisanalowe. Ena sanabwere n'komwe, chipepeso chinalowa pa Mpamba ndi pa Airtel Money, mlembi akuwerenga maina kuchokera pa foni, ndipo mnyamata wina anayenda ndi foni mozungulira bokosi kuti a kutali aonere pa WhatsApp. Ndikudziwa kuti ndalama ya ulendo yakwera, kwacha inagwa, mabwana sapereka masiku. Zimenezi zinayamba kolona asanabwere. Koma kale wosabwera kumaliro ankachita manyazi, ankadza pambuyo pake ndi nkhuku kudzapepesa. Miyezi ija inatiphunzitsa kuti munthu ungathe kusapita, dzuwa n'kutuluka bwinobwino, popanda wokufunsa. Inenso ndatumizapo ndalama kumaliro amene miyendo yanga ikanatha kufika, ndipo nditatumiza ndinagona tulo.

Za dzanja lija ndazitembenuza kambirimbiri. Mayi a kunyumba amandiuza kuti ndinachita bwino, poti mwina tsiku limenelo n'kuti matenda ali kale m'thupi mwawo, ndipo tikanaika anthu awiri. Mwina n'zoona. Koma thobwa ndinamwa, m'chikho chimene anachigwira ndi dzanja lomwelo. Ndinakana moni wokha. Masiku ano ndikapereka moni ndimachedwa kutaya dzanja la munthu, ndimafunsa za kunyumba mmodzimmodzi, ndipo achinyamata ndimawaona akuyang'ana kumbali, akufuna kupita.

Chimanga cha kuseri kwa chulu tinabandira. Thumba la feteleza ndinalipeza kuchipinda monga ananenera, atalifunditsa chiguduli, ndipo ndinaimirira pamunda mpaka anyamata anathira lonse. Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, dziko linakolola, ndipo m'munda wa alongo anga munatuluka ngolo zitatu. M'chilimwe, matenda atatsika, ndinapita kwa amfumu kukapempha kuti tichite usiku umene tinali nawo ngongole. Tinagayitsa chimanga chomwecho, amayi anaphika thobwa, tinakoleza moto pabwalo. Anthu sanachuluke, koma amayi a Chigwirizano anabwera onse ndipo anaimba mpaka tambala. M'mawa ndinaimirira n'kunena mawu aja ndinawakonza m'Januwale, kuyambira tsiku limene anadandaula mutu mpaka pa ambulansi, ndipo ndinanenanso pamaso pa mbumba yonse kuti matenda sanabwere ndi mwana wa ku Joni. Mchemwali wake anawerama nalira. Mwini wake panalibe kuti amve.

Anthu atabalalika, mwana wamkazi uja anandiitanira kukhitchini. Kudenga, pamwamba pa mafuwa, kunali kulendewera chikwatu cha mfutso, chakuda ndi mwaye, chimene mayi ake anamanga chaka chathacho. Anati wakhala akulephera kuchitsitsa. Ndinachitsitsa ine. Mfundo ya luzi inali yolimba, yamamangidwe awo aja obwereza kawiri, ndipo ndinalimbana nayo ndi zikhadabo nthawi yaitali poti mpeni sindinafune. M'kati munali nkhwani wouma bwino, wosafumbwa. Anauphika wotendera, tinakhala pamphasa ine, iye ndi ana ake awiri, tinadya osayankhula, ndipo kamdzukulu kakang'ono kanapala mphika mpaka pansi.